Katepi Kakuda pa Dashibodi

"Ufulu wanga ndimaudziwa ine!" anakuwa a Ndadziwakale uku akumenya pakauntala. "Galimoto ya zaka zitatu zokha n'kufa giyabokosi? Munandigulitsa chinthu chowola!"

Dzinali anawapatsa anzawo a kuntchito, chifukwa ukayamba kuwafotokozera kanthu ankakudula pakamwa, amvekere, "Zimenezo ndinadziwa kale." M'mawa umenewo anafika ku kampani yomwe inawagulitsa galimotoyo atavala jekete, envelopu ya mapepala a ufulu wa ogula ili m'khwapa. Akazi awo anakhala pabenchi, kachikwama kali pamiyendo. Galimoto imeneyi ndi yomwe inkanyamula mazira a mayiwa kupita kumashopu, ndipo kuti agule okha giyabokosi ina akanagulitsa nkhuku zonse ndi khola lomwe.

Manijala, mayi wamfupi wovala magalasi, sanakweze mawu.

"Bambo, waranti yanu inatha masabata asanu apitawo, ndiye lonjezo lathu lokonza ulere linathera pomwepo. Komabe ngati vuto linayamba waranti isanathe ndipo munatidziwitsa, timakonza. Kodi galimotoyi sinakuchenjezenipo?"

"Olo kamodzi!" anayankha a Ndadziwakale.

Linali bodza lankunkhuniza. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, kagetsi kachikasu kanayaka padashibodi, tsiku lomwe ankapita kukatenga mng'ono wawo, yemwe anawanenapo kuti kugula galimoto yatsopano n'kudzionetsera. Poopa kusekedwa, anadula katepi kakuda n'kumata pakagetsiko. Akazi awo atawauza kuti akaonetse galimotoyo ku kampani, anawayankha mwamwano. "Inu samalani za nkhuku, za magalimoto tisiyireni ife." Katepiko kanakhala pomwepo mpaka tsiku limene galimoto inakana kulowa giya pamphambano, itadzaza mathileyi a mazira.

Posakhalitsa makaniko wamkulu, bambo wa imvi, anasuzumira pakhomo akupukuta manja ndi kansanza.

"Tabwerani nonse mudzaone zodabwitsa."

M'galaja munkanunkha oyilo. Galimoto inali itatsegulidwa chitseko, kachingwe kakuchokera pansi pa chiwongolero kupita ku kompyuta. Makaniko analowetsa chikhadabo pakona ya katepi kaja n'kukamatula pang'onopang'ono. Kagetsi kanali ngwee, kakuyakabe.

"Bwana, galimoto yanu yakhala ikulira theka la chaka, inu munangoitseka pakamwa," anatero. "Kompyutayi yasunga ndi tsiku lomwe inayamba kulira. Kodi mwana akamalira mumamumata tepi?"

Amakaniko ena awiri anazolika mitu mu injini ya lole, mapewa akugwedezeka ndi phwete. A Ndadziwakale anamva manyazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Jekete inawatentha. Analakalaka atalowa m'dzenje lija amakonzeramo magalimoto, wina n'kuvundikirapo thabwa.

"Mwina ana ndi amene anamata," anatero motsitsa mawu.

"Ana athu onse ali pabanja, bambo," anayankha akazi awo, maso ali pansi.

Manijala anavula magalasi. "Pamenepa mwadzimanga nokha. Munaona chenjezo, munalibisa, ndipo simunatiuze. Ufulu wa ogula ulipo ndithu, koma suteteza munthu wobisa matenda."

A Ndadziwakale anayang'ana envelopu yawo. Mapepala onse aja, ena atawalemba mizere yofiira kunsi, analibe ndi mawu amodzi omwe onena za tepi. Anaganiza za nkhuku za akazi awo, zomwe anayamba nazo zili tianapiye makumi awiri m'katoni, ndipo mtima unawawawa kuposa manyazi aja.

Apo m'pamene mayiwo anatsegula kachikwama n'kutulutsa foni yong'aluka galasi.

"Pepani amayi, ine za magalimoto sindidziwa, ndimadziwa za nkhuku," anatero. "Koma nkhuku ikayamba kuwodzera sitidikira kuti igwe. Tsiku lomwe kanayaka kagetsika ndinakajambula, bambowa asanamate, n'kutumiza ku nambala yanu ili pa risitiyi. Munandiyankha kuti mundiyimbira kuti tibwere nayo liti. Ndinakumbutsanso kawiri. Mpaka lero foni yanuyo sinalire."

Manijala anavalanso magalasi. Anawerenga uthengawo, nabwereza, kenako anapita ku ofesi kukafufuza m'kompyuta yawo. Pobwera, nayenso nkhope inali itagwa.

"Uthenga wanu tinaulandiradi, mayi, ndipo waranti inali isanathe. Kulakwa n'kwathu kuti sitinakuyimbireni. Giyabokosi tisintha ife, inu simulipira kanthu."

"Safunsa anadya phula, bwana," anatero makaniko, akumata katepi kaja pa envelopu ya a Ndadziwakale. "Tengani katundu wanu. Koma mayiwa muziwasunga bwino, waranti yeniyeni ndi imeneyi."

Anatuluka wapansi kulowera kokwerera basi. A Ndadziwakale, omwe masiku onse ankatsogola, lero ankatsalira m'mbuyo. Atafika pamthunzi wa shopu ina anaima.

"Amayi, bwanji simunandiuze kuti munatumiza uthenga?"

"Ndinayamba kukuuzani, bambo. Munati munadziwa kale."

A Ndadziwakale anapinda kona ya envelopu. Kenako anafunsa ndi mawu omwe akazi awo anali asanawamvepo pa zaka zonse za banja lawo.

"Kodi kagetsi kaja kamatanthauza chiyani kwenikweni?"

Mayiwo anayamba kufotokoza zomwe anawerenga m'kabuku ka galimotoyo, kamene kanali kasanatsegulidwepo ndi mwini wake. Pakati pa nkhaniyo pakamwa pa a Ndadziwakale panatseguka pokha, mawu aja a masiku onse atafika kale pamilomo. Anawameza.

"Pitirizani, amayi," anatero. "Ndikumva."