Mchombo wa Tithokoze

Sukulu ine sindinapite nayo patali, koma liwu limodzi la Chizungu ndimalidziwa bwino, ndipo ndimadana nalo.

Madzi a Shire atatikokolera nyumba, anatiika m'matenti kumtunda, kwa Malemia, ine ndili ndi pakati potopa. Pa tenti yathu panali zilembo zikuluzikulu, ndiye ndinafunsa a Fanuel, aphunzitsi amene ankatilemba mayina.

"Apa alemba kuti temporary, mayi. Ndiye kuti chinthu chosakhalitsa, cha kanthawi chabe."

"Kanthawi kake masiku angati?"

"Madzi akangophwa, basi mukubwerera."

Liwulo ndinalibwereza mpaka lilime linazolowera: tempolale. Kupusa kwanga, ndinkachita kuphunzitsa anzanga pamjigo ngati ndatola chanzeru.

Tithokoze anabadwira mutentimo, ndipo patatha sabata mchombo wake unagwa. Kwathu mchombo sutayidwa wamba. Timaukwirira pakhomo, kuti mwana akadzakula azidziwa kobwerera. Apongozi anga anabwera ndi khasu, ine ndinakana.

"Pano ayi, amayi. Pano m'patempolale. Ndikakwirira kwathu."

Ndinaumanga pakansalu n'kuuika pansi pa chikwama.

Madzi anaphwadi. Amuna anga, a Petro, anawoloka kukaona, n'kubwerako kudzatiuza. Pamene panali mudzi wathu mtsinje unapatukira pomwepo, minda yonse mchenga wokhawokha. Akuluakulu a boma anabwera pagalimoto, anati atipezera malo. Anabweranso, anatero ndithu. Tenti inang'ambika, tinaigamba ndi masaka. Apongozi anamwalira akundifunsabe za kansalu kaja, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Dzana mlendo wina wa kutchalitchi anamufunsa Tithokoze mocheza kuti kwanu n'kuti. Mwana wa zaka ziwiri, sanachedwe n'komwe, analoza masaka aja. Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani?

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kuyamba kukumba pakhomo pa tenti. Kuti ndiweramuke, a Macdonald, eni malo a msasawu, aima pambali panga. Iwowa amazungulira tsiku lililonse kuona kuti wina asawumbe njerwa kapena kubzala mtengo, poti wobzala mtengo mawa amati malo ndi ake.

"Mayi, tinapangana chiyani? Mukubzala chiyani pamenepo?"

Ndinaponya kansaluko m'dzenje, ndinakwirira, n'kupondaponda ndi chidendene.

"Musadandaule, bambo," ndinatero. "Sichimera."