Mzinga M'munda wa Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna, a Zou Manchang, ankadana ndi zinthu ziwiri padziko pano: msewu wa galimoto wopita kumzinda wa Changsha, ndi a Tan oyandikana nawo munda. Msewuwo unadula pakati munda wawo wa mpunga, boma osanena ngakhale zikomo. Za a Tan sindidziwa kuti zinayamba bwanji, ndinakwatiwa n'kuzipeza. Kuumira kwa apongozi kunamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Miluo. Njati yawo yolimira anaitcha Bwanamkubwa kuti aziikalipira momasuka, ndipo anaiphunzitsa ndi ndodo kuyambira ili kamwana kuti ikafika pa mwala wa malire izikhotera kumanzere. Ankati chiweto chawo sichingalimire a Tan ngakhale phazi limodzi.

M'nyengo yozizira imene Ajapani anatsikira ku Changsha kachitatu, mwamuna wanga Guiting anali m'maenje a asilikali kumpoto kwa mzindawo. Mfuti sizinkandisowetsa tulo kwenikweni. Msilikali wina wodulidwa mwendo anandiuzapo kuti chipolopolo umachibisalira, koma mzinga, chimfuti chachikulu chija, umakupeza m'dzenje momwemo n'kukukwirira. Kuyambira pamenepo ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti mizinga ikuluikulu idzadutsa pamsewu wathuwu n'kukafika kumene kunali Guiting.

Kenaka lamulo linafika lakuti misewu yonse igumulidwe kuti adani asowe podutsa. Aka kanali koyamba kuona apongozi akuseka mpaka mano a m'mbali kuonekera.

"Mwananga, boma lapenga bwino lero," anatero. "Tenga dengu."

Anzathu anangokumba ngalande zopingasa n'kubwerera kukaotha moto. Ife ayi. Tinazula miyala, tinatuta mchenga, mapewa anga mpaka kusupuka. Apongozi anamanga Bwanamkubwa pagoli n'kulima msewuwo, kubwereza ndi kubwereza, kenaka anatsegula madzi. Anaumba tikhoma ta dothi totchinga madzi m'mbali n'kutisalaza ndi khasu ngati akukonzekera kuwokera mawa. Pomaliza, munthu sukanadziwa kuti panadutsapo galimoto. A Tan ataona, nawonso anatero mbali yawo, osati chifukwa chokonda dziko, koma kuti asaoneke aulesi pamaso pa mdani wawo.

Kugunda kwa nkhondo kutayandikira, mudzi wonse unathawira m'nsungwi zakuphiri, mpunga titaukwirira, ziweto tili nazo. Mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa inkagwa osalekeza. M'mawa wina tinapeza chingwe chokha pamtengo. Bwanamkubwa anali atamasuka n'kubwerera kumunda kwake, monga zimachitira njati zikasowa kwawo.

Tinatsetsereka ine ndi apongozi mpaka pamene nsungwi zimathera, n'kugona chafufumimba. M'chigwa monse munali Ajapani. Oyenda pansi anali atadutsa kale m'tikhoma, mmodzimmodzi ngati nyerere. Otsalawo ankalimbana ndi mzinga waukulu wa magudumu awiri. Mahatchi awo, ndi timiyendo tawo toonda, ankamira mpaka m'mimba. Koma anthu aja sanali opusa. Anatenga mitengo n'kumabaya m'madzi mpaka anapeza pamene pansi panali polimbirako, pomwe panali msewu. Ndiye wina anatulukira kuseri kwa khola akukoka Bwanamkubwa ndi chingwe cha pamphuno.

Anamumanga kutsogolo kwa mahatchi. Njati ndi matope n'pachibale. Inangoweramitsa mutu, n'kukoka, mzinga uja n'kuyamba kuyenda. Mtima wanga unasweka. Ndinayang'ana apongozi, nkhope yawo ili mbuu.

"Njati yanga," ananong'ona. "Ndinaidyetsa ndi manja angawa kuti ikandiphere mwana?"

Anafuna kudzuka kuti akaiitane. Ndinawagwira mwendo, ulemu wonse ndinauiwala, ndinawauza kuti akangotulutsa mutu atiphetsa tonse ndipo mzinga upitabe. Anagonanso, akuluma dzanja la malaya.

Mzingawo unkayenda pang'onopang'ono kulowera kummwera, Ajapani akukankha magudumu n'kumakuwa mokondwa. Unadutsa pakati pa munda. Unayandikira mwala wa malire. Kutsogoloko munda wa a Tan unali waufupi, kenaka mtunda wouma, ndipo kuchokera apo sindinkaona chimene chikanawaletsa.

Bwanamkubwa anafika pamwala paja n'kukhotera kumanzere.

Sanazengereze, sanayang'ane munthu. Msilikali wogwira chingwe anakokedwa n'kugwa chagada m'madzi. Anzake anamenya njatiyo kumaso ndi zigwiriro za mfuti kuti iwongoke, koma ndodo ndi imene inaiphunzitsa kukhota, ndiye pomenyedwa inangowonjeza mphamvu. Mahatchi anatsatira. Gudumu limodzi linachoka polimba paja n'kulowa m'munda weniweni, umene makolo a apongozi akhala akuupondaponda chiyambire, wopanda mwala ngakhale umodzi. Mzinga unapendekeka, unakhala ngati ukuganiza kaye, kenaka unagona cham'mbali n'kumira mpaka kutsala kamwa lokha.

Apongozi anaseka mopanda mawu, thupi lonse likugwedezeka, misozi ikutsika. "Waona? Sangalimire Tan ameneyo. Ngakhale mfumu ya Ajapani itabwera yokha, sangalimire Tan!"

Mkulu wa asilikali aja, yemwe anali matope mpaka m'khosi, anasolola kamfuti kake n'kuwombera Bwanamkubwa pamutu. Kuseka kwa apongozi kunathera pomwepo. Ajapani anavutika ndi zingwe ndi mitengo mpaka dzuwa kupendeka, mzinga ukungomirirabe. Pamapeto pake anazula tizitsulo tina n'kuusiya.

Zimene zinachitika ku Changsha aliyense amazidziwa. Ajapani anakagogoda pazipata za mzindawo masiku angapo, mizinga yathu ya paphiri la Yuelu ikuwakhuthulira moto, zipolopolo n'kuwathera chifukwa kumbuyo kunalibe msewu wobweretsera zina. Tinawaona akubwerera m'chigwa chomwecho liwiro la mtondo wadooka, asilikali athu akuwatchingira pamtsinje uliwonse. Anthu amati amene anapambana ndi akuluakulu a nkhondo, ine sinditsutsa. Ndimangodziwa kuti mzinga umodzi sunafike.

Njala inalipo, koma apongozi, omwe ankatola njere ya mpunga ikagwa pansi, anakana kuti njatiyo idyedwe. Anaikwirira pafupi ndi mwala. A Tan anabwera ndi khasu lawo n'kuthandiza kukumba, osalankhulana, aliyense ataima mbali yake.

Guiting anabwera mitengo ya mapichesi itachita maluwa. Ndinamuona ataima kutsidya kwa madzi, atawonda, khutu limodzi litamangidwa nsanza, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo. Ndinangokhala pansi pakakhoma n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Bambo, msewu uja uli kuti?" anafunsa bambo ake, amene anali ataima pambali panga.

"Waima pamunda wanga. Vula nsapato," anatero apongozi.

Anavula, n'kulowa m'madzi. Atafika pa kamwa la mzinga anaima, analigwira, n'kuyang'ana kumene unkalowera. Amene anagonapo m'maenje safunika kumuuza zambiri. Kenaka anafunsa kuti Bwanamkubwa ali kuti.

Apongozi analoza ndi chibwano pa mulu wa dothi pafupi ndi mwala. Anayandikira mwana wawo, anamugwira mapewa onse awiri n'kuwafinya, monga amachitira pamsika poyesa chiweto.

"Iye wagwira ntchito yako," anatero. "Mawa goli ndi lako. Ukafika pamwala, ukhotere kumanzere."