Liwu Lomukwana

Malilime anakankha dikishonale ndi chigongono, nayasamula. Dzinali anam'patsa ndi anansi ake, poti ankadyera kumasulira mabuku kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chitchaina. Chiyambire m'mawa anali atakakamira pa liwu limodzi la m'buku la Chingerezi limene ankamasulira, lonena za mtima wa munthu amene anasiya kukhulupirira kuti alipo wochita zabwino popanda kusaka phindu. Mkonzi wa bukulo anali atayimba kale foni, mawu ali okwera.

M'Chitchaina munali mawu awiri amene ankam'zunguza mutu. Lina limanena za munthu wokwiyira dziko chifukwa cha kuvunda kwake. Linalo limanena za munthu woseweretsa dziko, wongoseka chilichonse. Linaliponso lakale la m'mabuku, lakuti "ophunzira agalu", dzina la anzeru akale onyoza chilichonse, koma aa, limenelo anali atalitaya kale.

Iye ankagwira ntchito ngati telala: liwu likavuta, ankaliyeza pa munthu wamoyo. Analiyeza pa mwini nyumba, amene ankangolonjeza zokonza denga mvula n'kumadutsa. Silinam'kwane, uja ndi waulesi chabe. Analiyeza pa mwamuna wake wakale; linakhwepa, uja anali wabodza basi. Anatopa nazo, msana uli waa.

Chitseko chinalira. Analowa mwana wake wamkazi, namwino, yunifolomu ikadali m'thupi. Anadziponya pampando n'kukankhira nsapato uko.

"Si lero msonkhano uja?" anafunsa Malilime. Kwa miyezi ndithu mtsikanayo ankasonkhanitsa anzake kuti akaonekere kwa akuluakulu a chipatala, akanene za mankhwala amene ankangosowa m'wodi ya ana. Wokayankhula anali iyeyo.

"Ndi lero, madzulo ano. Sindipita."

"Wadwala?"

"Ndachenjera, amayi. Munanena nokha kuti amene tikukawadandaulirawo ndi omwenso akudya. Ndiye ndikatayirenji malovu?"

Atatero anaseka. Kanali kaseko kakafupi kotulukira m'mphuno, mlomo utapendekera mbali imodzi. Malilime kasekoko ankakadziwa. Ndi komwe iye anaseka tsiku lija mwanayo anabwera maso ali psu ndi ukali, kudzanena za mankhwalawo koyamba. Ndi komwe ankaseka pomvera nkhani pawailesi, paukwati wa anthu, ngakhale pamalonjezo a wokonza mpope. Make mbuu, mwana mbuu.

"Nanga ana aja?"

"Ana amafa, amayi. Dzulo wapita wina." Ananena akupalasa foni ndi chala, osadzutsa n'komwe mutu.

Zinamupweteka Malilime, zinamuchititsanso manyazi. Anatembenukira kukompyuta n'kulemba liwu lachiwiri lija, la woseweretsa dziko. Sanafunenso kuliyeza pa wina. Linali litam'kwana mwini wake, ngati diresi losokedwa pathupi pake, ndipo tsopano mwana anali atayamba kubwereka.

Anadzuka movutikira, natola nsapato zija, imodzi pansi pa tebulo, ina pafupi ndi chitseko. Anaziika pamapazi a mwana wake.

"Vala. Ndikuperekeza."

"Inuyo?" Mtsikanayo anadzutsa mutu. "Mwayamba liti kukhulupirira kuti anthu aja angasinthe?"

"Sindikukhulupirira, ndisakunamize," anayankha Malilime akusakasaka kachikwama kake. "Ine zanga zinada kale. Koma iwe unali wokwiya, mwanawe, ndipo munthu wokwiya amakhala akadali ndi chiyembekezo. Kuseka kumeneko ndisiyire ine."

Foni inayambanso kulira patebulo. Anali mkonzi uja. Malilime anaisiya ilire, nakaima pakhomo, kachikwama kali m'khwapa, miyendo ikuwawa.

Mtsikanayo anayang'ana nsapatozo nthawi yaitali. Kenaka anatsonya, nawerama, n'kuyamba kumasula chingwe chimene chinali chitamangana mfundo.