Dzina la Vukashin Lioneke Pamsewu

Mayi Leposava anaima pakati pa msewu wa ku Kraljevo, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa, maso ali kumanda. Chiliza cha amuna awo chinali pomwepo, patsidya pa ngalande, chakuda bii, chonyezimira, chongoikidwa kumene dzulo lake. Nkhope ya a Vukashin inkaoneka bwinobwino, ndevu zapamlomo ndi chipewa cha ntchito chomwe. Koma dzina silinkaoneka. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya mpango, kuvalanso. Pansi pa nkhopeyo panali timizere tagolide tokhatokha, tong'ambika ndi kuwala kwa dzuwa, toti munthu sangadziwe ngati ndi dzina kapena ndi nkhono yadutsapo.

Mtima unawawira. A Vukashin anayendetsa basi pamsewu umenewu kuyambira ali mnyamata mpaka tsitsi litayera, ndipo sanali munthu wopempha zambiri. Supu akapanda mchere ankangomwa. Koma ali gone m'chipatala, mawu atayamba kuthawa, anagwira mkono wa akazi awo nawauza chinthu chimodzi: manda a pamudzipo ali m'mbali mwa msewu, choncho dzina lawo lidzalembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, kuti anzawo azidzaliwerenga ali pachiwongolero n'kumawalizira hutala podutsa. Mayi Leposava analonjeza. Tsopano chaka chinali kukwana mawa lake, wansembe anali atauzidwa kale, tirigu wodya pamwambo wa chikumbutso ataviikidwa, abale ali m'njira, ndipo pamwalapo panali zokandakanda za nkhuku.

Wosema mwalawo sanali mlendo ayi. Anali Obrad, mng'ono wawo weniweni wa a Vukashin, mwini malo osemera ziliza kumapeto kwa mudzi. Kale Obrad ankalemba ndi choko pamwala penipenipo, mwini maliro n'kuona ndi maso ake, kenako tchizulo n'kuyamba kulira. Koma chaka chimenecho mwana wake wamkazi wa ku Vienna anamutumizira tabuleti, kakompyuta kafulati ngati thabwa lodulirapo anyezi, koyamba kuoneka m'dera lonselo. Kuyambira pamenepo Obrad anasanduka munthu wina. Ankakanyamula atakakulunga m'thaulo poopa fumbi, ndipo asanakagwire ankasamba m'manja, zimene sankachita ngakhale pokadya.

Mayi Leposava ankakumbukira bwino tsiku limene anapita kukasankha zolemba. Munali m'kachipinda ka mdima ka kuseri, momwe Obrad ankasungira khofi ndi kachasu wa mapulamu. Ndipo tisanamizane, kanthuko kanawagometsa. Chithunzi chokhacho chabwino cha a Vukashin chinali cha pa laisensi, kakang'ono ngati chikhadabo. Obrad anachiika pagalasi la tabuletiyo, n'kugunditsa zala ziwiri, n'kuzitambasula pang'onopang'ono. Nkhope inakula mpaka kudzaza galasi lonse. Chipsera cha pachibwano chija chinaoneka, ndi diso lakumanzere lotsinzina pang'ono lija, ndipo mayiwo analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Kanthu kamene kanawabwezera mwamuna wawo kwa kamphindi akanakakayikira bwanji?

Kenako anafika pa zilembo. Obrad anadzitama kuti mitundu ya zilembo inalimo yosawerengeka, koma atalemba dzina m'zilembo zathu, zosiyana ndi za ku Vienna, yambiri inangotulutsa timabokosi topanda kanthu, ndipo inatsala itatu kapena inayi. Iye anasankha yowonda, ya timichira topindika, nati ndi zimene akulembera anthu olemera ku Vienna. Mayi Leposava anati sakuona kanthu. Obrad anatambasulanso zala zija, dzina n'kufufuma kuchokera kumphepete mpaka kumphepete, loyera mbee, lowala lokha mumdimamo. Anawafunsa ngati zili bwino choncho. Iwo anati ee, choncho kumene, asachepetse. Anagwirana chanza, namwa khofi.

Tsiku loona mwalali sanapite n'kunyumba komwe. Kuchokera pamsewu analunjika kwa Obrad, ndipo agalu a m'njira anawapatukira okha. Anamupeza akudya buledi ndi tchizi pamwamba pa chiliza cha munthu wina.

"Alamu, nyamukani. Tengani ndi kagalasi kanuko."

"Mwadzuka bwanji kaye, alamu? Mwauona? Nkhopetu yatuluka ngati akupuma."

"Nkhope ndaiona, ndakhala nayo zaka zambiri kuposa inu. Ndikufuna mukandionetse dzina."

Obrad anatsatira, thaulo lili kukhwapa, akufotokoza njira yonse kuti makina ake osemera amadula ndendende zimene zili m'tabuleti, sangaphonye ngakhale kadontho. Atafika pamanda anafunyulula kanthu kake, n'kukayatsa. Padzuwa la masana galasilo linangokhala lakuda, ndipo zimene zinaonekamo zinali nkhope ziwiri, ina yotutumuka ina yokwiya, ndi madindo a zala za mafuta a tchizi. Analipendeketsa uku ndi uku, kulibisa kuseri kwa chiliza, osaphula kanthu. Mapeto ake Obrad, bambo wamkulu wa zidzukulu, anavula jekete n'kudzifunditsa kumutu, nawapempha alamu akewo kuti alowe nawo m'menemo. Mayi Leposava analowetsa mutu, akununkhidwa thukuta ndi fodya, mano ali gwa.

Dzina linalimo, laling'ono ngati la pamwala. Obrad anatambasula zala, likukula. Anazibweza pamodzi, likuchepa. Anachita zimenezi kangapo, ndipo ulendo uliwonse mawu ake ankatsikiratsikira. Kenako anafotokoza, akuyang'ana pansi, kuti kukula kuja n'kongothandiza maso, sikusintha muyeso umene makina amalandira. Iye ankaganiza kuti alamu akuvomereza mtundu wa zilembozo. Za ukulu, anati, zinali zitakhazikika kale m'menemo ndipo sanazigwire.

Mayi Leposava anatulutsa mutu m'jekete. Anamugwira dzanja Obrad, dzanja lokhakhala la munthu wa miyala, n'kuliika pachiliza, pa timizere tagolide tija.

"Tambasulanitu zalazo. Kulitsani."

"Alamu, musatero."

"Ndati kulitsani! Si paja zala zanu zimakulitsa zinthu? M'bale wanu anakuberekani kumsana popita kusukulu, anakupemphani chinthu chimodzi chokha, inu n'kukafunsa kagalasi. Tsiku lonse loimika mwalawu simunayende n'kamodzi komwe kukaima pamsewu apo? Mapazi anakuthyokani?"

Zoonadi Obrad sanapiteko. Anali ataujambula mwalawo ndi tabuleti yomweyo, n'kukauyang'ana kunyumba ali pampando, atakulitsa, n'kukhutira. Atafunsidwa za kukonza anakanda pamutu. Kuti alembe zilembo zina, anati, ayenera kupala mwala wonse mpaka usalale, ndiye kuti nkhope nayo ichoka, ndipo ntchito yake ndi ya milungu. Mwala wina kulibe, ngakhale ataitanitsa lero sungafike mawa. Kenako anawonjeza mawu amene akanachita bwino kuwameza: kuti anthu akabwera pafupi aziwerenga bwinobwino, ndipo zilembo zazing'ono n'zaulemu. Mayi Leposava anamuuza kuti sanaonepo basi ikukhota kulowa m'manda kukawerenga zaulemu. Anamusiya pomwepo akukulunga thaulo.

Madzulo amenewo anaphika tirigu, kumusinja ndi mtedza ndi shuga, akumenya mthiko ngati tiriguyo ndiye wolakwa. Anakwiyira Obrad, anakwiyira mwana wa ku Vienna, anakwiyira amene anapanga kagalasi kowala mumdima n'kuzima padzuwa. Koma chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti iwo eni ndiwo anati ee. Anali atavomera chinthu chimene sanachigwire ndi manja.

Kutacha anatsegula shedi ya a Vukashin. Pashelefu panali chitini cha penti yoyera yotsala popenta geti, ndi bulashi youma gwa, imene anaifewetsa ndi palafini. Anavala diresi lakuda la mwambo, n'kunyamula chitinicho kupita kumanda anthu asanadzuke bwino. Anapsompsona nkhope ya pamwala, napepesa. Kenako anaviika bulashi, n'kukoka mzere woyamba pamwamba penipeni pa golide wa Obrad.

Iwo sanali mlembi. Zilembo zoyamba zinatuluka zonenepa, kutalika kwake ngati chikhatho, ndipo pofika kumapeto malo anachepa, zotsalazo n'kupanikizana ngati anthu a pampando wakumbuyo. Penti inayenderera m'malo awiri. Kumanja, pomwe Obrad anali atalemberatu dzina la Mayi Leposava lomwe ndi chaka chobadwa, n'kusiya mpata wa chaka chomwalira monga timachitira, sanakhudzepo. Anawoloka ngalande, nakaima pakati pa msewu. Ulendo uno sanafunikire kupukuta magalasi.

Anthu atafika chakumasana anangoti kakasi. Mwana wamkazi wa Mayi Leposava anagwira pakamwa n'kunong'ona kuti amayi atichititsa manyazi. Azakhali ena anati mwala wokongola chonchi waonongeka, ena anati chisoni chawasokoneza mutu. Wansembe anayang'ana chiliza, kuyang'ana madontho oyera pa diresi lakuda, n'kuganiza zongoyatsa lubani. Obrad anafika mochedwa, wopanda thaulo. Anaima nthawi yaitali akuona golide wake atakwiririka, chifukwa nayenso anali atagwira mwalawo ndi mtima wonse.

"Pentiyi idzasupuka ndi chisanu, alamu," anatero motsitsa mawu.

"Ikasupuka ndidzapakanso. Chitini sichinathe."

"Nanga lanu ili? Ndilikonze?"

"Lisiyeni laling'ono choncho. Ine sindinafe, ndipo palibe wondilizira hutala."

Mwambo unayamba. Makandulo anayatsidwa, mphepo n'kumawazimitsa, anthu n'kumayatsirana. Wansembe ali pakati pa kuimba, Mayi Leposava anamva kulira kwa injini kuchokera kumtunda, kulira kumene anakhala akukumvera moyo wawo wonse kuti adziwe nthawi yoteleka supu. Sanatembenuke. Anagwiritsa kandulo mpaka sera inawawotcha chala, ndipo mumtima anali atakonzeka kale kukwiyira woyendetsayo, chifukwa oyendetsa ambiri tsopano ndi ana amene a Vukashin sanawadziwe.

Basi inatsika phiri, kufika pa ngalande, n'kudutsa. Inapitirira ndithu mpaka pa mtengo wa mtedza wa pangodya. Kenako mabuleki analira, basi n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, okwera akusuzumira m'mawindo. Hutala inalira, yaitali, yosalekeza, mpaka wansembe anatseka buku n'kudikira. Obrad anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Mayi Leposava anayang'ana chiliza, dzina lokhotakhota lija likudontha pansi pa ndevu za amuna awo, ndipo anayesetsa kuti mkwiyo usawachoke, poti ukanawachoka akanagwa pansi pamaso pa anthu.

"Mwamva, a Vukashin?" anatero. "Aliwerenga."