Vanishi Atakana Kuuma

Bodza limene linawotcha nyumba ya Che Tahiru linatuluka m'kamwa mwa Anastazia Lolemba m'mawa, iye atagwada pabalaza ndi kansanza ka polishi m'manja. Silinali bodza lalikulu ayi. Linali la mtundu uja timanena tonsefe tikafuna kuti m'bale wathu apeze pogwira.

Che Tahiru anali ndi sitolo ya nsalu ndi chigayo pa Nsaru. Nyumba yawo anaigula kwa eni esiteti ina ya fodya yomwe inagwa kalekale, ndipo pabalaza pake panalibe simenti ngati m'nyumba zina zonse za m'deralo. Panali timatabwa ta mlombwa, tolukanalukana ngati mkeka, tomatidwa pansi ndi phula. Anastazia anali wantchito wa m'nyumbamo. Kwa zaka zinayi ankatipaka timatabwato polishi wofiira wa pasimenti, poti palibe anamuuzapo zina, mpaka tinada bii, osadziwikanso kuti n'timatabwa.

Iye ankakhala m'kanyumba ka kuseri ndi ana ake awiri aakazi. Banja linali litatha, ndipo kumudzi kwawo cha ku Kabudula kamunda ka mayi ake kanali katagawidwa kale pakati pa anthu asanu ndi mmodzi. Ntchitoyo ndi kanyumbako zinali chinthu chimodzi. Tsiku lochotsedwa ntchito likanakhalanso tsiku logona panja ndi ana, ndipo Anastazia sankaiwala zimenezi ngakhale poseka.

Lolemba limenelo Abiti Juma, akazi a Che Tahiru, anaima pakhomo la balaza akudandaula. Mwana wawo Anisa ankakwatiwa Lamlungu la sabata yotsatira, apongozi ankachokera m'tauni, ndipo mayiwo ankafuna kuti pansipo papalidwe, pawale ngati nyumba zimene ankaona pafoni. Mmisiri wa ku Lilongwe anali atangoyankha kuti sangabwere mwezi usanathe.

"Mayi," anatero Anastazia asanaganize n'komwe, "achimwene anga amaidziwatu ntchito imeneyi. Ndi yomwe ankagwira ku Joni."

"Kodi? Ndiye mumangokhala chete bwanji, amake Bridget? Kawatengeni lero lomwe."

Ku Joni achimwene akewo, a Gideon, anapitadi, miyezi isanu ndi iwiri, kukathirira maluwa a mzungu, mpaka apolisi anawagwira n'kuwabweza ndi kachikwama ka pulasitiki. Ntchito imene ankaidziwa zenizeni inali yowamba fodya wa fuluu. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala pa esiteti ku Kasungu akusonkhezera moto wa mabalani, nyumba zoumitsiramo fodya. Tsopano anali kumudzi, mwezi wa Januwale, chimanga chawo chili chachikasu posowa feteleza, akudya kamodzi patsiku. Ndiwo anali mwini mbumba, malume a ana a Anastazia, koma mbumba imene ankayenera kuisamalira ndi imene inkawatumizira ufa. Zimenezi zinkawadya mumtima kuposa njala.

Anastazia anawapeza atakhala pamtondo wogwa, akusoka nsapato.

"Mlongo, wandiphatu," anatero atamva nkhani. "Ine makina opalira pansi sindinawagwirepo. Ndinangowaona kamodzi pawindo."

"Achimwene, thabwa ndi thabwa. Si munapanga chitseko cha mayi inu?"

"Chitseko chimenechotu sichitsekeka."

"Ndiye ndibwerere ndikanene kuti ndinanama? Mukufuna andione bwanji abwana?"

A Gideon anayang'ana chimanga chawo nthawi yaitali. Kenako anavala nsapato ija ulusi ukulendewera, n'kumutsatira.

Che Tahiru anabwereka makina m'tauni, chinthu cholemera ngati matumba awiri a simenti, pamodzi ndi jenereta, masandipepa, zitini zinayi za vanishi ndi chigubu cha thinazi, mankhwala osungunulira vanishi osachedwa kugwira moto. Anazitsitsa pakhonde n'kunena kuti, "Amisiri, zida zanu ndi izi. Chasowa n'chiyani?" A Gideon anazungulira makinawo kawiri, n'kugogoda tayala lake ndi chala ngati wogula ng'ombe, ndipo anati zonse zilipo. Apa m'pamene msampha unatsekeka. Amati safunsa adadya phula, koma mmisiri wa ku Joni akanafunsa ndani, ndipo akanayamba bwanji?

Tsiku loyamba makina anawakoka a Gideon ngati ng'ombe yosaphunzira ngolo. Atangowaimitsa pamalo amodzi kuti apukute thukuta, makinawo anakumba chidzenje pakona chokwana chikhatho. Anastazia anachiona. Awiriwo anagwirizana kuti pamenepo padzakhala mpando waukulu, ndipo palibe adzaone. Tsiku lachiwiri a Gideon anazindikira kuti makinawo safuna kuima, amafuna kuyenda pang'onopang'ono. Fumbi lofiira linawalowa m'mphuno ndi m'makutu, ankatsokomola malovu ofiira, koma sanadandaule. Munthu uja anali wakhama, tisamunamizire.

Pofika Loweruka polishi yense anali atachoka, ndipo mlombwa unaonekera, wofiirira, wamizeremizere, wosalala. Che Tahiru anavula nsapato n'kuyendapo ndi mapazi.

"Eee, koma ku Joni kumaphunzitsa anthu, eti?" anatero. "Amake Bridget, mwatithandiza."

Anastazia anasangalala kwambiri tsiku limenelo. Anayamba kukhulupirira yekha bodza lake, n'kumaganiza za nyumba zina zakale za m'maesiteti zimene achimwene ake angakapale. Anawaphikira tiyi wamkaka, ndipo a Gideon anamwa atakhala pampando, osati pansi.

Lolemba anayamba kupaka vanishi. Zolemba za pachitini zinali zazing'ono ngati nyerere, m'Chingerezi, ndipo a Gideon sukulu analekezera Sitandade 4. Anapaka mmene munthu amapakira laimu pakhoma, mokhuthala, kuti ntchito ioneke. Madzulo ake anaona kuti kwatsala zitini ziwiri, ndipo poopa kuti abwana angati zinagulidwa pachabe, anathiranso ulendo wachiwiri pamwamba pa woyamba usanaume.

Lachiwiri kunayamba mvumbi. Mvula ija yosagwa mwamphamvu komanso yosakata, imene imanyowetsa mchere m'botolo. Lachitatu vanishi anali akumatabe. Lachinayi Abiti Juma anaponda pakhomo kuti aone, patapata wawo n'kutsalira pomwepo. Anamusolola ndi manja, ulimbo ukutamuka ngati therere.

Sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino. Anamuitanira Anastazia kukhitchini n'kulankhula motsitsa mawu.

"Amake Bridget, alendo anga adzakhala pansi pamenepo Lamlungu, ndi zovala zawo zaukwati. Munthuyu munabwera naye ndinu, ndipo ndinu munati amaidziwa ntchito. Pakapanda kuuma, ine sindidzayankhula ndi iye. Ndidzayankhula ndi inu, ndipo kanyumba kaja mudzakasiya."

Anastazia anatuluka ali ndi mantha oti sanawamvepo chithere banja lake. Anawapeza a Gideon kuseri kwa nyumba akutsuka bulashi, ndipo anawalalatira, achimwene ake enieni, mawu amene mkazi salankhula kwa mwini mbumba.

"Mwandivula, achimwene! Ana anga akagona kuti? Kumunda kwanu kwachikasuko?"

A Gideon anangoyang'ana manja awo. Thinazi amene ankatsukira bulashi anali atauma kale pakhungu, ngakhale kunja kunali chinyontho chotere.

Lachisanu m'mawa anabwera ndi nkhope ina. Anastazia anali asanawaonepo otero chibwerere ku Kasungu, maso ali gwa, akuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita.

"Mlongo, usalire. Kupala sindinkadziwa, kupaka sindinkadziwa, koma kuumitsa ndiye ntchito yanga. Fodya wodzaza balani, wonyowa chonchi, ndinkamuumitsa mvula ikugwa. Balaza ili ndi balani basi. Likungofuna kutseka mphepo ndi kulowetsa kutentha."

Anastazia anawakhulupirira, chifukwa nthawi imeneyi sankanama. Mawu awo anali a munthu amene anachitadi zimenezo zaka khumi ndi chimodzi, osapsereza tsamba ndi limodzi lomwe.

Anadikira kuti Che Tahiru apite kumzikiti ku mapemphero a masana, ndipo Abiti Juma ndi Anisa anali kwa telala kukayesa zovala. A Gideon anayala matabwa awiri oyendapo, natenga chigubu chonse cha thinazi n'kuwaza pansi ponse, poti anaona ndi maso awo kuti amauma msanga. Anatseka mawindo, m'mipata n'kutsekamo masaka onyowa ndi dothi, mwaluso, osasiya poti n'kulowa ntchentche. Pakati pa balaza anaikapo njerwa ndi chidutswa cha lata. Fungo linali loluma m'maso moti ankatuluka kukapuma panja misozi ikuyenderera.

Pakhonde la kuseri Anastazia anali atakoleza mbaula zitatu, imodzi yake, ziwiri zobwereka. Anakupiza makala ndi chivundikiro cha poto mpaka anafiira, timalawi tabuluu tikuvina pamwamba. Ananyamula yoyamba ndi nsanza n'kupita nayo pakhomo la balaza.

"Bweretsa kuno," anatero a Gideon. "Iwe usalowe, fungoli lingakudwalitse. Katenge inayo."

Analandira mbaulayo, nalowa, n'kukankha chitseko ndi chidendene kuti kutentha kusathawe.

Anastazia anali atayenda mapazi asanu okha. Sanamve kuphulika kwenikweni, anamva ngati chimphepo chagwetsa denga, ndipo anapezeka ali chafufumimba m'matope. Magalasi a mawindo anali mbwee pabwalo. Atatembenuka anaona chitseko chatseguka, m'kati muli moto kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo m'motomo munatuluka munthu akuyaka, manja ali m'mwamba, osakuwa. Anagwera m'chithaphwi cha pansi pa mtengo wa mango. Anastazia anavula chitenje chake chonyowa n'kuwafunditsa, akuitana dzina lawo la ubwana limene anali asanalitchule zaka makumi atatu.

Anthu a kuchigayo ndi a kumsika anathamanga ndi ndowa ndi mchenga. Phula la pansi pa timatabwa litagwira moto linatulutsa utsi wakuda woti munthu sangayandikire. Anapulumutsa zipinda zogona ndi khitchini, koma balaza lonse linapita, denga lake n'kugwera m'kati.

Che Tahiru anafika akuthamanga, chipewa chili m'manja. Anayang'ana nyumba, nayang'ana munthu amene anamugoneka pamphasa pakhonde la khitchini. Nkhope ya a Gideon inali itatupa, maso atatsekeka, khungu la m'manja likulendewera. Ankapuma movutika, koma ankamva zonse. Che Tahiru anatuma munthu kuti akatenge galimoto ya kuchigayo, kenako anatembenukira kwa Anastazia.

"Mbaula m'nyumba ya thinazi. Mmisiri sangachite zimenezi. Munthuyu sanagwirepo ntchito imeneyi chibadwire." Anamuyang'ana Anastazia m'maso. "Amake Bridget, zaka zinayi mwakhala pakhomo pano ngati m'bale. Ndikufunsani kamodzi kokha. Munkadziwa?"

Anastazia anaona ana ake awiri ataima pakhomo la kanyumba kaja, atangofika kuchokera kusukulu, mabuku ali pamutu poopa mvula. Anaonanso mphasa ija. Amati chibale n'fupa sichiola, ndipo iye ankawakonda achimwene ake, asakuuzeni wina kuti sankawakonda. Koma pakamwa pake panatseguka.

"Sindinkadziwa, bwana. Anandiuza okha kuti ankaigwira ku Joni. Inenso anandinamiza."

Ananena mokweza, kuti aliyense amve. Atatha anafuna nthaka itseguke. Anadikira kuti munthu wa pamphasayo atsutse, ndipo mumtima ankalakalaka atatsutsa.

Milomo yotupa ija inagwedezeka. Che Tahiru anawerama kuti amve.

"Akunena zoona, bwana," anatero a Gideon. "Mlongo wangayu sankadziwa kanthu."

Galimoto inafika. Amuna anayi anawanyamula ndi mphasa yomwe n'kuwagoneka kumbuyo, pa matumba opanda kanthu, nawaphimba ndi lona. Dalaivala anasuzumira pawindo.

"Kuchipatala adzafuna womudikirira. Wachibale ndani akukwera?"

Anastazia anaponya phazi limodzi. Abiti Juma, amene anali atafika maso ali ofiira, anamugwira pamkono, osati mwankhanza.

"Amake Bridget, ukwati uli mkuja, ndipo nyumba ndi iyi mukuionayi. Ngati munthuyu anakunamizani, muloleni apite. Ngati mukukwera, ndiye kuti ndamva zina, kuti munkadziwa."

Dalaivala anafunsanso kachiwiri. Anastazia anabweza phazi lija. Galimoto inatembenuka m'matope n'kulowa mumsewu, lona likugwedezeka, kumbuyoko kuli munthu mmodzi yekha. Anastazia anaiyang'ana mpaka inakhota pa chigayo. Kenako wina anamupatsa fosholo, ndipo iye analowa m'balaza muja n'kuyamba kuwola makala, akadali otentha.