Tulo ta pa Benchi

Anthu amayesa ndege yonyamula odwala ndi minibasi, yoti imakudikira mpaka utamanga katundu. Ayi ndithu! Ine ndine namwino wa m'ndegemo, mundimve. Woyendetsa ali ndi maola ake pa tsiku, ndipo amayamba kutha akangolowa pageti, kaya auluke kaya angokhala pansi n'kumayasamula. Akatha, lamulo limati asagwirenso ndege mpaka atapuma usiku wathunthu.

Tsikulo a Mandevu, woyendetsa wathu, analowa m'bandakucha. Pofika masana tinali titauluka kale maulendo awiri. Wachitatu unali wokatenga mayi wina pa kachipatala kakutali, amene anabereka koma magazi osaleka.

Titafika, adokotala anati mayiyo sangakwere asanamuike magazi, apo ayi atifera m'mwamba. Magaziwo anali panjira, panjinga yamoto. Tinadikira. A Mandevu ankangoyang'ana wotchi ngati yawalakwira.

Mmene botolo la magazi limatha, maola a woyendetsa nawonso anali atatha. Anaimba ku ofesi, n'kuuzidwa kuti woyendetsa wina afika mawa m'mawa.

Mtima unandiwawa, ndinawakalipira pakhonde pomwepo. "Inu a Mandevu, mulibe chisoni? Munthu akutha uyu!"

"Sisitala, tamverani," anatero. "Potera paja maso anatsekeka okha, inu simunaone. Ndikasinza m'mwambamo, amene akalire si banja limodzi."

Mwamuna wa wodwalayo anaima chapafupi, atanyamula beseni ndi kathumba ka zovala za ulendo. Pa zonsezo iye anatolapo chimodzi chokha: oyendetsa atopa. Anaika beseni pansi, n'kuvula jekete, n'kulipinda bwinobwino pa benchi.

"Bwana, gonani pang'ono apa. Mukadzuka tipite. Ine ndikulonderani."

A Mandevu anatsegula pakamwa kuti afotokoze zoti tulo ta pa benchi lamulo silitiwerengera. Koma anangogona, nkhope kukhoma.

Abale inu, kulondera kwake! Bamboyo anavula nsapato kuti asapange phokoso. Wokankha machira akamadutsa, iye ankamuthandiza kunyamula kuti mawilo asalire. Anapempha mayi wokolopa kuti ayambire mbali ina. Ntchentche ikatera pa ndevu za a Mandevu, ankaikupiza ndi chipewa. Ndikatuluka kukatenga mankhwala, ankandinong'oneza akumwetulira, "Agona ndithu, sisitala. Muwauze akazi anga alimbe, tatsala pang'ono."

Ndinazungulira benchilo n'kusuzumira. A Mandevu maso anali tong'o, misozi ikulowa m'jekete la mwiniwake.

M'katimo tinayesa zonse zimene kachipatala kotero kangathe. Magazi ena panalibe. Dzuwa likupendeka, mayiyo anandigwira chala, n'kufunsa ngati khanda layamwa. Kenaka dzanja linalefuka. Adokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kuchotsa chomvetseracho m'makutu osayang'ana munthu.

Mayi ake a malemu, amene anakhala pakona tsiku lonse atafukata mdzukulu, anakuwa mfuu imodzi yomwe inamveka mpaka kubwalo.

Chitseko chinatseguka msangamsanga. Anali bambo uja, wopanda nsapato, chala pamlomo.

"Apongozi, chonde, tsitsani mawu! Muwadzutsa oyendetsa."