Maola a Mpando Wakumanja

Kubanja kwa mkazi wake ankamutcha Kabawi, ndipo amene anayambitsa dzinali ndi alamu ake, munthu wosasowa chonena. Ankati, "Anthu akakwera ndege amapita kwinakwake. Koma alamu athuwa amangozungulira pamalo amodzi ngati aona anapiye pansi." Chowawa n'chakuti sankanama. Kwa zaka zinayi Kabawi ankaphunzitsa anthu kuyendetsa ndege pa kasukulu kena, ndipo ntchito yake inali kunyamuka, kuzungulira bwalo la ndege, kutera, n'kunyamukanso, wophunzira ali thukuta kamukamu pambali pake.

Ankapirira chifukwa cha maola. Woyendetsa ndege aliyense amakhala ndi buku lolembamo ulendo uliwonse: tsiku, mtundu wa ndege, kochokera, kofikira, ndi nthawi imene wakhala m'mwamba. Makampani aakulu safunsa ngati munthu ndi waulemu kapena ngati ali ndi ana, amangoti tione buku. Kampani imene Kabawi ankailakalaka inalengeza kuti ikufuna anthu a maola 1,500 amene sanakwanitse zaka 35. Iye anali ndi maola 1,512, ndipo zaka 35 zinali kumudikira pakangotha miyezi itatu. Tsiku loyankha mafunso mkazi wake anamusitira malaya kawiri konse, akuti kolala sinakhale bwino.

Anamulowetsa m'kaofesi kozizira, momwe munali tebulo, mipando iwiri ndi mkulu wa oyendetsa ndege, mayi waimvi wa magalasi olendewera pachingwe. Mayiyo sanataye nthawi ndi moni wautali. Anatsegula bukulo n'kuyamba kutsetsereka ndi pensulo mzere ndi mzere. Kabawi mtima unali m'malo, chifukwa buku lake linali laudongo kuposa m'nyumba mwake. Atafika chapakati, pensulo ija inaima.

"Ndege yonyamula katunduyi, inu munkakhala mpando uti?" anafunsa mayiyo.

"Wakumanja, mayi. Kumanzere kunkakhala amalume anga. Kaputeni anali iwowo."

"Kampani ya ndegeyo inakulembani ntchito?"

"Ayi, ndinkangopita nawo Loweruka lililonse. Koma kuyendetsa ndinkayendetsa ndithu, mpaka kutera."

"Amalume anuwo ali ndi laisensi yauphunzitsi?"

"Alibe."

Mayiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachisoni, ndipo chisonicho n'chimene chinamuopsa. "Bambo, ndege imeneyi malamulo amati woyendetsa mmodzi akukwana. Amene wakhala kumanja, ngati sakuphunzitsidwa ndi mphunzitsi wovomerezeka, ndi wokwera chabe. Iye ndi thumba la makalata lili kumbuyoko n'chimodzimodzi. Maola 260 awa sawerengedwa."

Masamu anadzichita okha m'mutu mwa Kabawi: otsala 1,252. Kusukulu, mwezi umene kunja kwacha bwino ndipo ophunzira sanajombe, ankapeza maola makumi anayi. Ngakhale akanati azidyera m'mwamba momwemo, miyezi itatu sikanakwana.

"Mayi, ine sindinabe kanthu," anatero. "Manja anga anali pachiwongolero."

"Sindikukana. Koma mapepala a kampaniyo akuti woyang'anira ndege anali wina. Amalume anu akalemba kalata yoti pamaulendo amenewa woyang'anira munali inuyo, kampaniyo n'kuvomereza, ndidzawerenganso. Apo ayi, ndikutsineni khutu: konzani bukuli musanakalionetse kwina. Ena sadzafunsa ngati ine, adzangoti n'chinyengo."

Anatuluka osaona ngakhale mlonda amene anamutsegulira geti. Mu basi anakhala pafupi ndi zenera atakumbatira buku lake, akukumbukira Loweruka zonse zija. Loweruka ndi tsiku limene ophunzira amachuluka kusukulu, tsiku limene mphunzitsi amakolola maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Iye ankawasiyira anzake ophunzirawo, n'kuthamangira kwa amalume, akudziona wochenjera kuti akuyendetsa ndege yaikulupo pamene anzake akuzungulira bwalo. Anzakewo awiri anali atalembedwa kale ntchito chaka chatha. Apa ndiye anadziwa kuti anataya bomwetamweta, ndipo anapsa mtima mpaka makutu kutentha.

Amalume akewo anali atasiya kuuluka zaka ziwiri zapitazo. Tsopano ankayang'anira zachitetezo pa kampani yomwe ija yonyamula katundu, ndipo ofesi yawo inali pakona pa shedi ya ndege, pomwe fungo la oyilo silichoka. Kabawi analunjika komweko, nawapeza akumwa tiyi, nkhope ili pafupi kwambiri ndi pepala limene ankawerenga.

"Ee, mphwanga! Tayi ameneyu bwanji? Akulemba ntchito?"

Kabawi anaika buku patebulo n'kufotokoza zonse, osapumira. Ankayembekezera kuti amalume adzidzimuka, mwina atukwana mayi uja. Koma iwo anangoika kapu pansi n'kuyamba kuitembenuza ndi chala.

"Malume, simukudabwa?"

"Khala pansi."

"Sindikhala. Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Atamva mawu amodzi okhawo anakhala ndithu, pa bokosi la zitsulo. "Nanga bwanji simunandiuze? Ndinkalemba bukuli inu mukuona. Tsiku lina munandibwereka cholembera chanu!"

"Ndikanakuuza ukanasiya kubwera."

"Ndikanasiyadi! Ndiye mwati chiyani pamenepa?"

Amalume anayang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu, kenako anatsitsa mawu. "Maso anga anali atayamba kuchita nkhungu, mphwanga. Kwa dokotala ndinkadutsa movutikira, tsiku labwino. Koma dzuwa likawala kutsogolo, manambala a m'ndege ankasungunuka. Potera, msewu wa ndege ndinkauona pawiri. Ndinkafuna zaka ziwiri zokha kuti ndipume ngati munthu, osati kuchotsedwa ngati galu wokalamba. Iwe maso ako anali akuthwa, manja ako abwino. Loweruka ndiye linali ulendo wa kumapiri, wovuta uja. Masiku ena ndinkapempha maulendo apafupi."

Kabawi anakumbukira momwe ankanyadira amalume akapinda manja n'kunena kuti, "Tera ndiwe, ndione ngati wakula." Ankafika kunyumba n'kuuza mkazi wake kuti kaputeni wazaka makumi atatu m'mwamba akumukhulupirira. Kani anali kumudyera masuku pamutu, iye akuthokoza.

"Ndiye kuti woyendetsa weniweni ndinali ine," anatero.

"Unali iwe."

"Lembani zimenezo. Kalata imodzi basi. N'zoona zokhazokha, simunama."

Amalume anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kalatayo ikafika, funso loyamba likhala lakuti kaputeni wa pa pepala ankachita chiyani. Lachiwiri, n'chifukwa chiyani ankasiyira ndege ya kampani munthu wosalembedwa ntchito. Ine ndine woyang'anira chitetezo pano, mphwanga. Anditulutsa m'shedi muno dzuwa lisanapendeke. Ndipo iweyo usaganize kuti akakusiya."

"Ine ndatsala ndi miyezi itatu, malume!"

"Makampani ndi ambiri. Ukadali mwana."

"Mwana wa zaka 35? Mwana wanga akuyamba sukulu chaka chino, akamufunsa ntchito ya bambo ake aziti amazungulira!"

Anakuwa ndithu, moti makaniko amene anali pansi pa phiko la ndege anatulutsa mutu n'kubwereranso. Kabawi ankafuna kugubuduza tebulo, kuswa kapu ija, kuchita chilichonse chomveka. Koma awa anali alongo awo a mayi ake, munthu amene anamukweza ndege koyamba, ndipo ulemu umene anakula nawo unamugwira manja ngati chingwe. Anangokhala, akupuma ngati wathamanga.

Kenako amalume anafunsa motsitsa kuti, "Ndiye mayiyo wati ukonze buku?"

Onse awiri ankadziwa kakonzedwe kake. Buku la maola salifufuta, saling'amba tsamba, salimata. Cholakwika amachidula ndi mzere umodzi woti mawu apansi azionekabe, mwini wake n'kusayina pambali. Maulendo a Loweruka aja analipo 93, ndipo uliwonse unafunika mzere wake ndi siginecha yake, kuti aliyense wodzatsegula bukulo aziona.

Amalume anakoka dilowa, napapasamo, n'kutulutsa rula yachitsulo. Anaikankhira kwa iye.

"Gwiritsa iyi. Mizere ikakhota amati ndiwe wosasamala."

Kabawi anaiyang'ana rula ija, kenako anawayang'ana iwo. Anailandira. Anatsegula buku pabondo, napeza Loweruka loyamba, nadula, nasayina. Lachiwiri, nadula, nasayina. Mizere inkawongoka. Atafika pa ulendo wachisanu ndi chiwiri anaima, chifukwa pambali pake anali atalembapo ndi zilembo zing'onozing'ono kuti kunali mphepo yamphamvu yam'mbali ndi mvula.

Amalume anaweramira pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala, mpaka anakwanitsa kuwerenga tsikulo.

"Limeneli ndikulikumbuka," anatero. "Ine sindinkaona chilichonse. Pakanapanda iwe tikanafa tonse."

Kabawi anaika rula pamzerewo, nadula.